Kumanga mota ya magetsi pa giyabokosi ya boti

Kukwera mtengo kwa dizilo, ndi kusowa kwake nthawi zina, kwachititsa eni maboti ena kuyamba kufunsa ngati n'zotheka kuchotsa injini yokalamba n'kuikapo mota ya magetsi. N'zotheka ndithu. Malangizowa si a injini zopachika kumbuyo ngati za Yamaha zomwe asodzi ambiri amagwiritsa ntchito ku Mangochi, ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay. Ndi a boti lokhala ndi injini m'kati, lomwe shafiti yake imachokera pa giyabokosi n'kuboola pansi kukafika ku pulopela.

Giyabokosi musaichotse ngati ili bwino, chifukwa imagwira ntchito ziwiri zimene mota payokha singathe. Imachepetsa liwiro: mota ikazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, giyabokosi ya 2.5:1 imapereka 1,200 ku pulopela, lomwe ndi liwiro limene pulopelayo inapangidwira. Komanso ndi giyabokosi imene imalandira mphamvu yonse yokankha boti. Pulopela ikamakankha madzi, shafiti imakankhira kutsogolo, ndipo bering'i yaikulu ya m'giyabokosi ndi imene imanyamula kukankhako n'kukupereka ku boti. Mabering'i a mota sanapangidwire zimenezo, ndipo sangachedwe kutha.

Koma shafiti yolandira mphamvu, ya mano ija imene imaloza ku injini, ndi yosachedwa kukhumudwa. Imafuna kuzunguzidwa basi. Siifuna kukokeredwa kumbali, siifuna kukankhidwira m'kati, ndiponso siifuna kuzunguzidwa mobwerera. Zonse zimene zikutsatirazi n'zoteteza zitatu zimenezi.

Musanamasule bawuti ngakhale limodzi

Injini ikadali pamalo pake, onani mbali imene imazungulirira. Injini zambiri za dizilo za m'maboti zimazungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi mukaima kumbuyo n'kuyang'ana flywheel, gudumu lolemera lachitsulo la kumbuyo kwa injini, koma musangokhulupirira zimenezi. Igunditseni pang'ono, kapena itembenuzeni ndi stata ngati siikuliranso, muone ndi maso anu, kenako jambulani muvi ndi penti pa giyabokosi penipeni. Muvi umenewu mudzaufuna patapita milungu, nthawi imene mutu udzakhale utadzaza ndi za mawaya.

Werengani kambale kolembedwa ka pa giyabokosi, mukopere dzina, nambala ndi ratio. Kambaleko kadzakuuzani ngati giyabokosi ndi yamakina wamba, monga Hurth, imene masiku ano imadziwika ndi dzina la ZF, kapena Kanzaki ya pa injini zing'onozing'ono za Yanmar, kapena ngati ndi ya hydraulic monga Velvet Drive. Ya hydraulic ili ndi pampu ya oyilo yoyendetsedwa ndi shafiti yomweyo, ndipo mota ikamazungulira pang'onopang'ono kwambiri oyilo sakhala ndi mphamvu yokwanira kugwira klatchi. Yamakina wamba ndi imene imagwirizana bwino ndi mota.

Ndiyeno yezani malo a giyabokosi: kutalika kwa flange yake (mbale yakumbuyo yomangirapo shafiti ya pulopela) kuchokera pa matabwa kapena zitsulo zokhalapo injini, ndi mtunda wake kuchokera kumanja ndi kumanzere. Jambulani zithunzi zambiri pa foni. Magiyabokosi ang'onoang'ono ambiri alibe miyendo yawoyawo, amangolendewera kumbuyo kwa injini, choncho injini ikachoka sipatsala chokukumbutsani pamene giyabokosi inali.

Zosunga pa injini yakale

Ogula zitsulo akabwera, musawapatse injini yathunthu. Pa flywheel pali mbale yozungulira ya masipuling'i, imene amakaniki amaitcha damper plate, ndipo pakati pake pali habu ya mano yolowa bwino pa shafiti ya giyabokosi. Habu imeneyi ndi chinthu chamtengo wapatali kuposa china chilichonse pa ntchito yonseyi. Mano amasiyana malinga ndi wopanga: Hurth zing'onozing'ono zili ndi mano 10, pomwe Velvet Drive ili ndi 26. Kupeza munthu wosema mano oterewa m'kati mwa chitsulo n'kovuta ndiponso n'kodula, pamene habu yakaleyo ili kale m'manja mwanu.

Sunganinso bell housing, chigoba chija chophimba flywheel, pamodzi ndi mabawuti ake ndi miyendo ya labala ngati siinaphwanyike. Giyabokosi ikangochoka, mbale ya masipuling'i isanamasulidwe, gonekani lula yachitsulo pakamwa pa chigobacho n'kuyeza ndi vernier (chida choyezera mamilimita molondola) kuzama kuchokera pakamwapo kufika pamene mbale yakhala pa flywheel. Lembani nambalayo. Ndi imene idzakuuzeni pamene habu iyenera kukhala pa shafiti mota ikadzamangidwa.

Tsukani mano a shafiti ndi palafini ndi bulashi, muwayang'ane padzuwa. Mano abwino amakhala ndi nsonga yafulati ndi mbali zofanana. Mukapeza fumbi lofiirira ngati la njerwa, mano atasongoka kapena atadyeka mbali imodzi, ndiye kuti habu inkagwedera, ndipo giyabokosiyo iyambe yakonzedwa. Lowetsani habu ndi dzanja: iyende motsetsereka kutsogolo ndi kumbuyo, koma mukaipotoza isamveke kugogoda. Sinthiranitu oil seal ya pa shafitiyo, kamphete ka labala koletsa oyilo kudontha, panopa, chifukwa mota ikamangidwa simudzaifikiranso mosavuta.

Mphamvu imene cholumikizira chiyenera kunyamula

Masamu ake ndi achidule. Chulukitsani ma kW a mota ndi 9,550, mugawe ndi liwiro lake pa mphindi, mupeza mphamvu yopotoza mu Nm. Mota ya 10 kW pa 3,000 imapereka pafupifupi 32 Nm. Koma poyamba kuzungulira mota imatha kupereka yoposa pamenepo, komanso pulopela ikakola ukonde kapena chingwe zonse zimaima mwadzidzidzi. N'chifukwa chake ine ndimati sankhani cholumikizira mota ndi giyabokosi cholembedwa kawiri kuposa nambala mwapezayo, kapena kupitirira apo. Yang'ananinso kuti liwiro la mota likhale pafupi ndi la injini yakale. Mota ya 1,500 pa giyabokosi yomwe ija ya 2.5:1 ingopereka 600 ku pulopela, ndipo boti lidzayenda mokwawa pokhapokha mutasintha pulopela.

Njira ziwiri zolumikizira

Njira imene ndimaikonda, ngati masipuling'i a damper plate ali olimba, ndi yosadula kanthu. Mumapangitsa mbale yachitsulo yolowa m'malo mwa flywheel, yokhala ndi mabowo ofanana ndi a damper plate, n'kuimanga pa shafiti ya mota ndi taper lock, kamphete kosongoka kamene kamagwira shafiti mabawuti akalimba. Damper plate imamangidwa pa mbaleyo monga inalili pa injini. Giyabokosi siona kusintha kulikonse, ndipo masipuling'i amapitiriza kufewetsa kugunda polowetsa giya. Mbaleyo isakhale yolemera mopanda chifukwa, popeza yonse ikulendewera pa bering'i yakutsogolo ya mota; yokhuthala mamilimita 10 mpaka 12 imakwana pa mota yaing'ono. Ikhale ndi kamlomo kosemedwa kogwira damper plate pakatikati, kuti mabawuti asakhale okha osunga malo.

Masipuling'i akakhala kuti anatha, tengani njira yachiwiri, ya jaw coupling. Ndi zitsulo ziwiri za zala zolowerana, pakati pake pali labala yooneka ngati nyenyezi imene amaitcha spider. Za Lovejoy ndi za Rotex ndi zodziwika. Theka limodzi limaboolwa molingana ndi shafiti ya mota, ndi mpata wa kiyi. Yezani shafitiyo, musaganizire: mota zina za mabatire zochokera kunja zili ndi shafiti ya 7/8 inchi, yomwe ndi mamilimita 22.2, ndipo bowo la 22 silingalowe pomwe la 24 lidzagwedera. Theka linalo ndi limene limalandira habu ya mano.

Apa m'pofunika munthu wodziwa lathe, makina osemera zitsulo mozungulira, ndipo ndi bwino kunyamula giyabokosi yonse popita ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu kusiyana ndi kupita ndi pepala la miyezo lokha. Maliveti a damper plate amaboolwa, habu n'kutuluka. Muuzeni wa lathe kuti pakati penipeni pa habu ndi pa mano, osati pa khungu lake lakunja, chifukwa kunjako opanga sanavutike kukusalaza. Aisemere pa ndodo yogwira mano, kenako aboole theka la coupling mothina kuti habu ilowe ndi press. Pomanga, mabawuti a M8 a giredi 8.8 kapena 10.9 odutsa m'mabowo a maliveti aja ndi abwino kuposa kuwotcherera. Moto umapotoza chitsulo ndiponso umafewetsa mano. Komanso ma coupling ambiri otsika mtengo ndi a cast iron, aluminiyamu kapena chitsulo chaufa chopanikiza, zomwe siziwotchereka bwino. Ngati palibe kuchitira mwina, gulani theka la steel yeniyeni, awotcherere pang'onopang'ono mbali zoyang'anana, lizizire lokha osathira madzi, kenako libwererenso pa lathe.

Musanachoke pa shopuyo, lowetsani chomalizidwacho pa shafiti ya giyabokosi, muike dial gauge (chida chonga wotchi choyezera kugwedera) pa khungu lake, muzunguze ndi dzanja. Muvi usayende kupitirira 0.05 mpaka 0.1 mm. Ukapitirira, ntchito ibwerezedwe pomwepo, musanalipire ndi kukwera basi yobwerera kunyanja.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha kuti musachite. Ambirife tinazolowera mota ya chigayo, pule uku pule uko, lamba pakati, ndiye dzanja limathamangira kuika pule pa shafiti ya giyabokosi. Lamba amakoka kumbali ndi mphamvu yaikulu nthawi yonse, ndipo shafiti imeneyi sinapangidwire zimenezo. Oil seal imayamba kudontha, bering'i n'kutsatira. Ngati malo akukakamizani kuika mota pamwamba kapena pambali, pule ikhale pa shafiti ina yaifupi yogwidwa ndi ma pillow block (mabering'i omangidwa pansi ndi mabawuti) awiri, uku ndi uku, ndipo shafiti imeneyo ndiyo ilumikizane ndi giyabokosi kudzera pa coupling.

Mbale yogwirizanitsa mota ndi giyabokosi

Coupling ingakhale yabwino chotani, chimene chimasunga mashafiti awiri pamzere umodzi ndi mbale yaikulu yokhala pakati pa mota ndi bell housing. Ipangidwe ndi aluminiyamu wokhuthala mamilimita 15 mpaka 20, kapena chitsulo cha 10 mpaka 12 chopakidwa penti yoletsa dzimbiri. Kumaso kwa mota kuli kamlomo kozungulira kotukuka, ndipo bell housing nayo ili ndi kake. Ya muyezo wa SAE 5, yomwe imapezeka pa injini zing'onozing'ono zambiri, ndi mamilimita 314.3. Mbale ikhale ndi malo osemedwa olandira timilomo tiwiri timeneti, ndipo malo onse awiri asemedwe kuchokera pakati pamodzi. Wa lathe akatembenuza mbale kuti aseme mbali inayo, aikhazikenso ndi dial gauge potsata bowo loyamba lija.

Mabowo a mabawuti ntchito yawo ndi kufinya basi. Mbale yodulidwa ndi gasi, yoboolwa ndi drilu ya pamanja potsata choko, imaoneka ngati yakhala, koma mashafiti amakhala atasemphana ndi milimita yathunthu. Jaw coupling wamba imalekerera pafupifupi 0.4 mm ndi digiri imodzi yokha, ndipo mbale ya masipuling'i imalekerera zochepa kuposa pamenepo. Inu funani 0.1 mm. Kuti mutsimikize, mangani mbale pa mota, muike dial gauge pa shafiti ya mota, nsonga yake ikhudze kamlomo kolandira bell housing, muzunguze kamodzi. Kenako nsonga ikhudze kumaso kwa mbale, muzunguzenso.

Mbale yomweyi ikhale ndi mapiko awiri otuluka kumbali okakhala pa miyendo ya labala, ndipo kumbuyo kwa mota kukhalenso miyendo ina kuti kulemera kusalendewere pa mabawuti akumaso okha. Kumbukirani kuti kukankha konse kwa pulopela kudzadutsa pa mapiko amenewa. Boolaninso kawindo pa bell housing, kapena gwiritsani ntchito bowo la stata, kuti muzitha kuona coupling osamasula kanthu, ndi kabowo kena pansi kotulutsa madzi.

Kumanga pamodzi

Chitirani pa tebulo, osati m'boti. Ikani mbale kapena theka la coupling pa shafiti ya mota potsata kuzama munalemba kuja. Pakani girisi wa moly pang'ono pa mano, wongonyowetsa. Wambiri amamwazika n'kuononga labala. Kankhani giyabokosi molunjika mpaka timilomo tilowerane ndi mphamvu ya manja okha. Pakatsala mpata, musaukoke ndi mabawuti. Chilipo chimene chagunda m'kati, ndipo mukafinya mukhala mukukankha mabering'i a mota ndi a giyabokosi nthawi imodzi.

Pakati pa nsonga ya shafiti ya mota ndi ya giyabokosi patsale mamilimita 2 mpaka 3, ndipo habu isafike pothera mano. Njira yosavuta yoonera ndi kumata kachidutswa ka sopo wofewa kapena phula pa nsonga ya shafiti, kumanga, kumasula, n'kuyeza mmene kaphwatalalira. Pa jaw coupling, theka la mano lija limatha kusuntha lokha kupita ku giyabokosi mpaka zala kutulukana, choncho ikani kamphete kachitsulo kumbuyo kwake kololeza kuyenda mamilimita awiri okha. Limbitsani mabawuti modumphadumpha, ili kenako loyang'anana nalo, ndi mankhwala oletsa kumasuka. Pamene bawuti la stainless likulowa mu aluminiyamu pakani phala loletsa kugwirana. Mukamaliza zunguzani ndi dzanja giya ili pa neutral: iyende mofanana ponseponse, popanda malo olimba.

M'boti

Tsitsirani zonse pa miyendo, mufikitse flange ya giyabokosi pa miyezo yakale ija. Yandikitsani flange ya shafiti ya pulopela popanda mabawuti, mulowetse feeler gauge (timalata topyapyala toyezera mpata) pamwamba, pansi, kumanja ndi kumanzere. Pa flange ya mamilimita 100 kusiyana kusapitirire 0.1 mm. Kwezani kapena tsitsani manati a miyendo pang'onopang'ono, theka la kuzungulira nthawi imodzi, n'kuyezanso. Ntchitoyi imatopetsa msana koma musaidule. Ndipo ya pamtunda ndi yongoyambira: boti lamatabwa likalowa m'madzi limamwa n'kusintha kaimidwe, choncho muyezenso litakhala m'madzi masiku angapo, mabatire ali kale m'malo mwake. Mabatirewo akhale pansi, pakati, pafupi ndi pamene panali kulemera kwa injini, omangidwa moti mwera ukawomba asasunthe.

Pali zina zimene injini inkachita mwakachetechete. Ngati giyabokosi ili ndi choziziritsira oyilo, madzi ake ankachokera ku pampu ya injini, ndiye pakufunika kapampu ka magetsi koyaka limodzi ndi mota. Chimodzimodzi ngati panali kapaipi kopereka madzi pamene shafiti imatulukira m'boti. Paipi ya utsi ndi mabowo ena osagwiranso ntchito atsekedwe ndithu. Thirani oyilo watsopano wolembedwa pa kambale: Hurth imafuna ATF, oyilo wa giyabokosi ya galimoto ya automatic, pomwe Kanzaki KM2 imafuna oyilo wa injini wa SAE 30.

Za magetsi zokhudza giyabokosi

Musanamange flange ya pulopela, yatsani mota pang'ono muone ngati ikutsata muvi wa penti uja. Ikasemphana, sinthani pa controller, kabokosi kolamulira mota, kapena pa mawaya monga buku lake likunenera. Ngakhale mota imatha kubwerera yokha, pobweza boti gwiritsani ntchito handulo ya giya. Klatchi za magiyabokosi ambiriwa zimadzifinya potsata mbali imene shafiti ikuzungulira, ndipo mukaizunguza mobwerera zimaterereka n'kupsa. Pa chifukwa chomwecho zimitsani regen, dongosolo lija lotchaja mabatire pulopela ikamazunguzidwa ndi madzi. Ikani malire a liwiro ofanana ndi a injini yakale, ndipo uzani controller kuti izikweza mphamvu m'masekondi awiri kapena atatu, osati kamodzin'kamodzi.

Amene mwapeza mota ya forklift yakale, samalani kwambiri. Zambiri mwa izo ndi za mtundu wa series, ndipo mota yotere ikapatsidwa magetsi onse ilibe katundu imathamanga mosalekeza mpaka kudziphwanya. Giya ya neutral ndiko kupanda katundu kumeneko. Ikani switchi pa handulo yoletsa mota kulandira mphamvu yambiri giya isanalowe.

Mota ya 10 kW pa mavoti 48 imakoka ma ampu opitirira 200. Pamafunika waya wa 70 mm², fyuzi pafupi penipeni ndi batire, ndi switchi yaikulu yofikirika ndi dzanja la woyendetsa. Sipanala ikagwera pa mitu ya mabatire amenewa imasungunuka, choncho vulani wotchi ndi mphete, muphimbe mitu ndi labala.

Kuyesa

Yambirani padoko, boti lomangidwa ndi zingwe zolimba kutsogolo ndi kumbuyo. Lowetsani giya mota ili pa liwiro lotsika, pansi pa 1,000, ndipo chikhale chizolowezi cha aliyense woyendetsa botilo. Kwezani pang'onopang'ono, clamp meter yoyezera ma ampu ili pa waya wa batire. Ma ampu akafika pa malire a mota liwiro lisanakwane, pulopela ndi yaikulu kwa motayo. Liwiro likakwana ma ampu ali pansi, ndi yaing'ono. Patatha mphindi 15 zimitsani, mugwire giyabokosi pafupi ndi bering'i yakutsogolo. Kufunda n'kwabwino, koma ngati dzanja silingakhalepo, mzere wasemphana kapena china chikukankha shafiti. Suzumirani pa kawindo kaja ndi tochi: fumbi lakuda la labala kapena lofiirira la chitsulo limanena zomwezo.

Potuluka koyamba musatalikire gombe, sankhani m'mawa nyanja ili bata, ndipo nkhafi ndi majekete zikhale m'boti. Lembani ma ampu pa liwiro lililonse. Mudzaona kuti pulopela ikazungulira theka la liwiro lake imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a mphamvu, moti mabatire a 48 V 200 Ah, omwe ndi 9.6 kWh, angakuyendetseni maola anayi pa 2 kW koma osakwana ola limodzi pa 10 kW. Manambala amenewa ndi amene adzakuuzeni ulendo umene mungaupange n'kubwerako mphepo itatembenuka.

Pakatha maola 10 oyamba limbitsaninso mabawuti onse, yezaninso flange ya pulopela, onani oyilo, ndipo muzisuzumira spider mwezi uliwonse, ina yapadera ili m'bokosi la zida. Ngati botilo limanyamula anthu kapena katundu wamalonda, kadziwitseni a Dipatimenti ya Marine ku Monkey Bay kuti mwasintha injini, aliyendere lisanayambenso ntchito.